Funsani Amalume: Tchalitchi chachepa, tigwetse timange china?

Amalume zikomo. Ine ndine mayi wa mu komiti ya zomangamanga pa parishi yathu kuno kumbali kwa tauni ya Chipata, dzina la parishi sinditchula poti nkhani ikali yotentha. Tchalitchi chathu chinamangidwa ine ndili kamtsikana ka Stella ndipo nthawi ija chimaoneka chachikulu moti mabenchi akumbuyo amakhala mbee, manje pa Misa yachiwiri anthu akuyimirira m'mawindo, ana tinawachotsa amapempherera pansi pa mtengo wa mango ndiye ikabwera mvula ya Januwale ni chipwirikiti chokhachokha. Mu komiti tagawikana pawiri, ena ati tigwetse timange chachikulu cholowa kawiri kuposa ichi, ena ati iyayi achinyamata onse athawira ku Lusaka muzamanga chinyumba chosowa anthu. Tcheyamani wathu anati anthu mu Zambia akuchepa chifukwa azimayi asiya kubereka ngati kale. Nizoona? Tithandizeni tisanayambe kuumba njerwa. Mayi wa St Anna, Chipata.

Amayi, walira mvula walira matope, si inu nomwe mumapemphera kuti tchalitchi chidzaze? Ndiye chadzazatu icho.

Tiyambe ndi atcheyamani anu. Iwo anamva theka la nkhani, theka linalo linawadutsa. Nizoona kuti azimayi sakubereka ngati amayi athu, kafukufuku wa boma wa zaumoyo uja amamutcha ZDHS anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi mu Zambia amabereka ana 6.5 tikagawa mofanana, pofika 2018 anatsika kufika pa 4.7, ndipo m'matauni anali pa 3.4 pamene kumidzi anali akali pa 5.8. Koma kuchepa kwa ana pa mayi mmodzi sikutanthauza kuti anthu achepa ayi. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 13.1 miliyoni, wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni, ndiye kuti m'zaka 12 chabe tinawonjezekera ndi anthu oposa 6 miliyoni. Kuno kuchigawo cha kum'mawa tinali pafupifupi 1.7 miliyoni mu 2010 tikaphatikiza ndi boma la Chama limene linabwerera kuno kuchoka ku chigawo cha Muchinga, mu 2022 tinapitirira 2.4 miliyoni. Anthuwo akuchepa pati?

Chimachitika ndi ichi, ndipo mukawafotokozere ndi nyemba pa tebulo kuti amve bwino. Agogo anabereka ana 6, atatu aakazi. Atatu aja ati ife za ana ambiri ayi, sukulu njodula, aliyense wabereka 4 chabe. Ana angati pamenepo? 12. Aliyense wachepetsa koma khomo la agogo ladzaza kuposa kale, chifukwa obereka ndi amene achuluka. Zambia yonse ili choncho, pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18, ndiye tiana timene mwatikhazika pansi pa mango tija ndi amene azabwera ndi makanda kumbuyo kuzafuna ubatizo zaka 10 kapena 15 zikubwerazi. Olo kubereka kutsike bwanji, gulu limenelo linabadwa kale, silibwerera m'mimba.

Pali kasamu kena kosavuta. Dziko limakula ndi 3.4 peresenti pachaka pakati pa makalembera awiri aja. Mukatenga 70 nkugawa ndi 3.4 mupeza 20 ndi kanyenyeswa, kutanthauza kuti zikamapita choncho anthu amawirikiza kawiri pa zaka 20 kapena 21. Liwiro limeneli lizatsikako poti kubereka kukutsika, ndiye tinene kuti zaka 25. Tchalitchi chimene mukufuna kumanga cholowa kawiri chija, mukamazamaliza kupenta, poti ndikudziwa mamangidwe athu a zopereka za masika amatenga zaka, chizakhala chatsala pang'ono kudzazanso.

Koma apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amalakwira pompa. Nambala ya dziko si nambala ya parishi yanu. Parishi ya m'mbali mwa tauni ngati yanu simakula ndi obadwa okha, imakula ndi obwera. Chipata anakhala mzinda mu 2017, ndipo aliyense amene amayenda ku Mchini, Nabvutika, Magazine, Kapata ndi kupitirira amaona yekha kuti kumene kunali minda ya chimanga dzana pano kuli maploti ndi nyumba za bulokosi zosamaliza. Amene akumanga kumeneko ni anthu ochoka ku Chadiza, Vubwi, Kasenengwa, Chipangali, Lundazi, ena aphunzitsi ndi manesi obwera pa transifa, ena ochita malonda a pa boda ku Mwami, ndipo chilala chija cha 2024 chinakankhiranso ena mu tauni kuzasaka maganyu. Anzanu amene akuti achinyamata athawira ku Lusaka sakunama, amapitadi, mabasi a pa Great East Road amanyamuka mbandakucha ali odzaza, koma pochoka mmodzi wopita ku Chawama kapena Kanyama ku Lusakako pamabwera wina wochoka kumudzi kuzalowa m'kachipinda kamene wasiya. Kwa anthu akumudzi Lusaka wawo woyamba ni Chipata yemweyo.

Ndiye musanaumbe njerwa werengani anthu anu. Sizifuna kompyuta olo munthu wa digiri. Mu ofesi ya parishi muli mabuku aakulu aja a chikuto cholimba, la ubatizo, la Ukaristia woyamba, la ulimbitso, la maukwati ndi la maliro. Pemphani bambo mfumu akuloleni inu ndi akatekisiti mukhale Loweruka limodzi, muwerenge chaka ndi chaka kubwerera m'mbuyo zaka 10, maina musakopere ayi ni za eni ake, mungolemba kuti chaka chakuti obatizidwa angati, olimbitsidwa angati, maliro angati. Ine ndinachitapo zimenezi pa parishi ina ndipo chimene chinatidabwitsa si kuchuluka kwa maubatizo, chimenecho timachidziwa kale, koma phompho limene linali pakati pa buku la ubatizo ndi la ulimbitso. Tinakhala chete tonse, akatekisiti anavula magalasi nkuyamba kupukuta ndi nsonga ya shati, ati ana onsewa anapita kuti? Ena anasamuka inde, ena anamwalira, koma ambiri anali konkuno, kuma tchalitchi a pentekositi a m'makalasi a sukulu aja, ena pakhomo chabe. Ndiye mukamawerenga makanda musaganize kuti onse azafuna benchi akazakula.

Mukatha mabuku pitani ku miphakati. Atsogoleri a miphakati amadziwa khomo lililonse, amadziwa amene wabwera mwezi watha ndi amene ali pa lenti wosakhalitsa. Aliyense alembe mabanja angati, ana osafika zaka 15 angati, okalamba osatha kuyenda angati, ndipo chofunika kwambiri, amayenda mphindi zingati kuti afike ku tchalitchi. Mukaika mapepala amenewo pamodzi muzaona kuti parishi siikukula mofanana mbali zonse, ikufufuma mbali imodzi kapena ziwiri kumene kuli maploti atsopano, pamene miphakati yakale yapafupi ndi tchalitchi yatsala ndi agogo ndi adzukulu.

Maganizo anga, poti mwafunsa: musagwetse. Chinyumba chimodzi chachikulu chimakoma pa tsiku lodalitsa, a bishopu atavala chisoti, kwaya ili mu yunifomu yatsopano, koma chimadya ndalama zonse za parishi kwa zaka zambiri ndipo mayi wa mwana kumbuyo wochokera kuseri kwa phiri mtunda wake sunafupike olo pang'ono. Ndalama yoyamba gulani malo kumene anthu akupita, lero lomwe, chifukwa ploti imene mukuiona yodula chaka chino chaka chamawa muzaifuna osaipeza, ndipo mutenge mapepala ake onse m'dzina la dayosizi osati la tcheyamani, kaya ni malo a khansolo kaya a mfumu. Ikani kashedi ka malata, iyambe ngati nthambi. Maparishi ambiri amene mukuwaona lero anayamba choncho. Dayosizi yathu yomwe inayamba ngati kachigawo ka mishoni ka Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, mu 1937, inakhala dayosizi mu 1959, ndipo mamishoni akale ngati Minga, Naviruli ndi Chassa anabala maparishi ena chifukwa nthambi zawo zinakula nkuyima pazokha. Tchalitchi chakalecho chiwonjezereni mapiko m'mbali ngati maziko alola, onjezani Misa, ndipo ana aja amangireni holo, chifukwa ndi amene ali ambiri ndipo ndi amene mvula ikuwanyowetsa.

Za ndalama ndinene mosabisa, anthu akawirikiza kawiri mbale ya chopereka siwirikiza kawiri ayi. Owonjezekawo ambiri ni ana a sukulu ndi achinyamata opanda nchito, amaponya kakobiri kamene apatsidwa ndi amayi awo. Amene amapereka mtulo ndi omwe aja mumawadziwa ndi maina. Bajeti yanu ipangidwe poona iwowo, osati poona khamu la pa Pasaka.

Amalume, ine ndine mkatekisiti pa nthambi ina kumudzi m'boma la Katete. Ndimamva pa wailesi kuti anthu akuchuluka koma kwathu kuno kwaya ya achinyamata inatha, anyamata olimba onse anapita, tatsala ndi nkhalamba ndi tiana. Kodi nthambi yathu izafa? Aphunzitsi, Katete.

Aphunzitsi, siifa, koma yasintha nkhope. Tiana mukutinenato ndi umboni kuti anthu alipo, kumidzi ndi kumene kubereka kukali pamwamba. Chimene mukusowa ni msinkhu wapakati, azaka 18 mpaka 35, amene munda wa makolo wawachepera poti wagawidwa kwa ana ambiri, ndiye apita ku Chipata, Petauke, Lusaka olo ku migodi. Ambiri amabwera pa Khirisimasi, pa maliro ndi pa Kulamba mu Ogasiti, ndipo ana awo amawatumiza kwa agogo, ndiye inu mukulera akhristu amene azakapereke mtulo ku maparishi a mu tauni. Zowawa koma ndi mmene zilili.

Chimene ndingakupempheni, mnyamata kapena mtsikana akamanyamuka musamulole apite chimanjamanja, mupatseni khadi lake la ubatizo ndi kalata ya kwa ansembe a kumene akupita. Ambiri amatayika pamenepo, akafika mu komboni palibe amene akumudziwa, woyamba kumupatsa moni ndi amene amamutenga. Ndipo kwaya yambitsani ya ana a giredi 5 mpaka 9, musadikire obwerera.

Pali chinanso chimene inu akatekisiti mumachiona m'buku la ubatizo koma simuchinena, amayi a makanda ena ni ana okhaokha. Kafukufuku wa 2018 uja anapeza kuti kuno kum'mawa atsikana pafupifupi 4 pa 10 alionse azaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Kuyambira mu 2023 lamulo likuletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18 olo ukhale wa pachikhalidwe, ndipo sukulu ni yaulere mpaka giredi 12 kuyambira 2022, mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Kuchuluka kwa mtundu umenewo sitingakuombere m'manja, kambani pa mphakati, ndi alangizi, ndi anyakwawa.

Amalume, ngati akhristu achuluka chonchi bwanji a bishopu osangotitumizira ansembe ena? Kwathu Misa timaiona kamodzi pa miyezi iwiri olo itatu. Mnyamata wa kwaya, Lumezi.

Mphwanga, ansembe sagulidwa pa shopu. Mnyamata akamaliza giredi 12, kaya anadzera ku seminale yaing'ono ya St Mary's ku Msupadzi kaya sukulu ina, amayamba chaka cha uzimu ku Emmaus, kenako filosofi ku Mpima ku Kabwe, kenako tiyoloje ku St Dominic's ku Lusaka, kuphatikiza chaka cha pa parishi, zonse pamodzi zaka 8 kapena 9, ndipo si onse olowa amene amafika pa guwa. M'zaka zimenezo akhristu awonjezeka kale ndi gawo limodzi pa magawo atatu. A Bishopu George Lungu ali ndi dera lalikulu kuchokera kumalire a Malawi mpaka ku chigwa cha Luangwa, wansembe mmodzi ali ndi nthambi zambirimbiri, mvula ikagwa misewu ina olo honda siidutsa. Nchifukwa chake maepiskopi a chigawo chino cha Africa anagwirizana kale m'ma 1970 kuti mpingo uyime pa miphakati, amadziwa kuti ansembe sazakwana. Pakali pano limbikitsani akatekisiti anu, muziwapatsako kenakake poti nawonso ali ndi mabanja, ndipo tsiku lopanda Misa mapemphero a Mawu azichitika ndithu osati kutseka chitseko. Koma iwenso ndakumva uli ndi mawu abwino, giredi 12 unakhoza bwanji? Kaonane ndi bambo mfumu akabwera ulendo uno, utenge ndi satifiketi yako.