Kambuzi simungamudalire pa mbale ya ku Sichuan

Mayi wina yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Anzake akuntchito amuitana kuti Loweruka akadye pa kalesitilanti kena ka ku Cyrildene komwe amaphika zakudya za ku Sichuan, ndiye akufunsa kuti: "Ine ndinakula ndi tsabola wa kambuzi, pali choti ndiziopa? Nanga ndikaitanitse chiyani?"

Achemwali, pitani ndithu, musakane. Koma dziwani kuti kambuzi wakukonzekeretsani theka lokha.

Sichuan ndi chigawo cha kum'mwera chakumadzulo kwa China, ndipo likulu lake ndi Chengdu, mzinda womwe bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2010 chifukwa cha kaphikidwe kake. Kakomedwe kawo kotchuka amakatcha mala. La ndi kuwawa kwa tsabola, komwe mukukudziwa kale. Ma ndi dzanzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka. Dzanzilo limachokera ku tizipatso tofiira totchedwa huajiao. Si tsabola ayi, mtengo wake ndi wa banja limodzi ndi mandimu ndi malalanje, n'chifukwa chake fungo lake limakhala ngati la khoko la ndimu. Mukatafuna kamodzi, milomo imayamba kunjenjemera, lilime n'kuchita dzanzi ngati mwendo womwe mwaukhalira nthawi yaitali. Musachite mantha, zimatha pakapita mphindi zochepa. Ine ndimaona kuti dzanzi limeneli ndi lomwe limathandiza munthu kupirira tsabola wochuluka chonchija n'kumamvabe kukoma kwa adyo, jinja ndi nyemba zosasitsa zotchedwa doubanjiang, zomwe zabwino kwambiri zimachokera ku Pixian, dera la mumzinda wa Chengdu.

Tsono pa nkhani yoitanitsa. Kumeneko munthu sadya mbale yakeyake. Ndiwo zonse zimaikidwa pakati, aliyense n'kumatapa, monga timachitira kwathu, koma aliyense amakhala ndi kambale kake ka mpunga. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti anthu amaitanitsa zowawa zokhazokha pofuna kuonetsa kulimba mtima, kenako pakamwa pamayaka moto, zonse n'kumamveka chimodzimodzi. Ophika a ku Sichuan sachita choncho. Ngati muli anayi, zowawa kwambiri zikhale ziwiri basi, zinazo zikhale zoziziritsa, monga nkhaka zoswaswa za viniga ndi masamba okazinga ndi adyo.

Poyambira pabwino ndi gong bao, nkhuku yodulidula yokazinga ndi mtedza, yotsekemera pang'ono, yowawasa pang'ono. Dzinali linachokera ku udindo wa Ding Baozhen, yemwe anali bwanamkubwa wa Sichuan m'zaka za m'ma 1800. Kenako mapo tofu. Ichi ndiye musabwerere osachilawa, chifukwa mala weniweni ali mmenemo: tofu wofewa wa soya mu msuzi wofiira wamafuta. Muzimuthira pa mpunga ndi supuni, osati kudya yekha.

Mukaona mbale yodzaza ndi tsabola wouma wofiira, nkhuku itabisala mkati, imeneyo ndi laziji ya ku Chongqing, mzinda woyandikana ndi Sichuan. Tsabolayo sadya. Ntchito yake anaimaliza m'mafuta, inu muzingofukula tizidutswa ta nkhuku. Chimodzimodzi ndi nsomba ya shuizhu, yomwe imabwera ili m'mafuta ofiira: vuulani nsombayo, mafutawo musamwe ngati msuzi.

Pakamwa pakayaka, madzi ozizira sathandiza kwenikweni, chifukwa chomwe chimawawa mu tsabola sichisungunuka m'madzi. Idyani mpunga wosathira kanthu, kapena mwani mkaka ngati ulipo. Mukhozanso kuuza woperekera zakudya kuti wei la, kutanthauza kuti tsabola akhale wochepa.

Pali zinthu ziwiri zomwe simunafunse koma ndizinene. Ngati simudya nkhumba, funsani pa mbale iliyonse, chifukwa nyama yake yogaya imalowa ngakhale mu zitheba zokazinga, mu dan dan (chakudya chonga supageti), ndiponso nthawi zina mu mapo tofu. Ngati pagulupo pali yemwe mtedza umamudwalitsa, anene asanaitanitse. Za timitengo todyera musade nazo nkhawa, kupempha foloko si chamanyazi. Chokhacho, musatizike choimika mu mpunga, chifukwa kwa iwo zimafanana ndi zofukiza zomwe amazika popereka ulemu kwa akufa.