Mmene a Mennonite amakumbukirira abale awo amene anatisiya

Zidzukulu zanga, funso lanu ndalilandira, ndipo ndakhala nalo masiku angapo ndisanayankhe chifukwa nkhani ya anthu amene anatisiya siyankhidwa mothamanga. Mwandiuza kuti chiikireni m'manda mayi wina wachikulire wa mumpingo mwanu, inu achinyamata simukumvana. Ena mukufuna kuti pakhale Lamulungu limodzi pachaka lotchula mayina a Akhristu amene anamwalira ndi kufotokoza za moyo wawo, pomwe ena mukuopa kuti kuchita zimenezi n'kubwerera ku kupembedza mizimu. Mwafunsanso ngati ndi zoona kuti a Mennonite, amene ife a mpingo wa Abale mwa Khristu tili nawo m'banja limodzi la chikhulupiriro, salabadira akufa awo, popeza munamva kuti manda awo sakongoletsedwa ndipo pamaliro awo satamanda malemu.

Zimene munamvazo ndi zoona mbali imodzi chabe. Pakati pa a Mennonite amene agwiritsitsa miyambo yakale, monga aja a ku Pennsylvania ndi ku Ontario amene mpaka lero amayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, bokosi la maliro limakhala la matabwa wamba, nkhata za maluwa sizioneka, ndipo mlaliki amathera nthawi yake pa Mawu a Mulungu ndi pa kuchenjeza amoyo. Kumanda kwawo miyala imakhala ing'onoing'ono ndi yofanana, kotero kuti mlendo sangathe kuloza pamene pagona mwini munda waukulu ndi pamene pagona wantchito wake. Amachita zimenezi mwadala, chifukwa amakhulupirira kuti kudzikuza kumene munthu anakukana ali moyo sikuyenera kumutsatira kumanda. Koma amene angaone miyala yosakongolayo n'kunena kuti anthuwa amaiwala abale awo walakwitsa kwambiri, pakuti ndi mipingo yochepa imene yasamala kulemba za akufa ake monga iwowa. Kuyambira mu 1864, pamene John F. Funk anayambitsa nyuzipepala ya mpingo yotchedwa Herald of Truth ku America, ndiponso mu Gospel Herald imene inalowa m'malo mwake mu 1908, ankasindikiza mbiri za anthu wamba, alimi, amayi apakhomo ngakhalenso makanda. Ankalemba kumene munthu anabadwira, nthawi imene analowa mumpingo, ana amene wasiya, nthenda imene yamutenga, usinkhu wake mpaka miyezi ndi masiku, ndi vesi limene linalalikidwa pamaliro ake.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthuwa amadalira cholembera kuposa simenti, muyenera kudziwa mmene mpingo wawo unabadwira. Pa 21 Januwale 1525, mumzinda wa Zürich ku Switzerland, kagulu ka anthu kanabatizana m'nyumba, chifukwa kanakhulupirira kuti ubatizo ndi wa munthu amene wavomereza yekha chikhulupiriro chake. Boma ndi mipingo ya nthawi imeneyo zinaona ngati n'kugalukira, ndipo zaka ziwiri zisanathe, pa 5 Januwale 1527, mmodzi wa atsogoleri awo, Felix Manz, anamangidwa manja ndi miyendo n'kumizidwa mumtsinje wa Limmat. Ambiri amene anabwera pambuyo pake anadulidwa mitu, ena kumizidwa, ena kuwotchedwa. Munthu wowotchedwa alibe manda, ndipo abale ake, amene nawonso ankasakidwa, sakanatha kukhala pasiwa kapena kumuimbira nyimbo poyera. Chimene chinkatsala m'manja mwawo ndi makalata amene omangidwa ankalemba ali m'ndende, mayankho amene anapereka pamaso pa oweruza, ndi nyimbo zofotokoza imfa zawo. Mu 1660 mkulu wa mpingo ku Dordrecht, Thieleman van Braght, anasonkhanitsa zimenezi m'buku lalikulu limene m'Chingerezi limadziwika kuti Martyrs Mirror, kutanthauza kalilole wa ofera chikhulupiriro. Analisonkhanitsa pa nthawi imene mazunzo anali atatha ku Netherlands ndipo anthu a mpingo wake anali atayamba kulemera, ndipo iye anawachenjeza kuti masiku amtendere ndi chuma ndi oopsa kwa mzimu kuposa masiku a ndende. Dzina la kalilole lindikhudza mtima, chifukwa munthu akaima pakalilole nkhope imene amaiona ndi yake yomwe. Bukulo limanena za akufa, koma amene likuwafunsa mafunso ndi amoyo.

M'menemo muli nkhani ya Dirk Willems wa ku Asperen ku Netherlands, imene mwana aliyense wa m'banja la Mennonite amakula akuidziwa. Mu 1569 Dirk anamangidwa chifukwa chobatizidwa ali wamkulu ndi kulola mapemphero m'nyumba mwake, koma anathawa m'ndende. Inali nyengo ya chisanu, pamene madzi a m'maiwe a kumeneko amaundana pamwamba n'kuuma ngati mwala, ndipo iye anathamanga pamwamba pa dziwe n'kuwoloka. Munthu amene ankamuthamangitsa atafika pakati, madzi oundanawo anasweka ndipo anayamba kumira. Dirk anali atapulumuka kale, njira inali yotseguka patsogolo pake, koma atamva kukuwa anabwerera n'kumuvuula mdani wakeyo. Wovuulidwayo anafuna kumusiya apite, koma mkulu wa mzinda anamukumbutsa lumbiro la ntchito yake, ndipo Dirk anagwidwanso n'kuwotchedwa pa 16 Meyi chaka chomwecho. Taonani kuti chimene mpingo wasunga kwa zaka zoposa 450 ndi mphindi imodzi ija imene anatembenuka, chifukwa m'mphindi imeneyo lamulo la Ambuye lokonda adani linaoneka ndi maso.

Ina imene sindiiwala ndi ya mayi wa ku Antwerp, mzinda umene lero uli ku Belgium, Maeyken Wens, amene anawotchedwa mu Okutobala 1573. Pomutengera kumalo ophedwerako anamumanga lilime ndi kachitsulo kuti asalankhule kapena kuimba pamaso pa khamu. Mwana wake Adriaen, wa zaka pafupifupi 15, anapita kukaona atanyamula mng'ono wake, koma anakomoka, ndipo pamene anatsitsimuka zonse zinali zitatha. Mnyamatayo anapita paphulusa n'kufufuza mpaka anapeza kachitsulo kaja, ndipo anakasunga pokumbukira amayi ake. Iye anali wa msinkhu wa ena mwa inu. Analibe bokosi, analibe chiliza, koma chifukwa cha zimene iye ndi ena anasunga, pamodzi ndi makalata amene mayiyo analembera banja lake ali m'ndende, lilime limene anafuna kulitseka likumvekabe mpaka kuno kwathu.

Tsopano ndiyankhe inu amene mukuopa mizimu, ndipo mantha anu sindikuwapeputsa, chifukwa achokera pa kufuna kukhala okhulupirika. Makolo athu akapita kukachisi kapena patsinde pa mtengo ndi ufa ndi mowa, ankalankhula kwa akufa, kuwapempha mvula, kuwapepesa, ndi kuwadandaulira za matenda. Palibe wa Mennonite amene amapempha kanthu kwa Dirk Willems kapena kuyembekeza kuti Maeyken Wens amuchiritsira mwana. Iwo amalankhula za akufa kwa amoyo, ndipo pemphero lawo limapita kwa Mulungu amene anawalimbitsa mtima anthuwo. Kusiyana kwagona pamenepo, ndipo mwana wa Sande sukulu angathe kukumva. Kalata ya kwa Ahebri, pamutu 11, imatchula akufa mmodzimmodzi ndi zimene anachita mwa chikhulupiriro, ndipo pamutu 13 vesi 7 imatilamula kukumbukira atsogoleri athu, kuyang'anitsitsa mathero a mayendedwe awo ndi kutsanza chikhulupiriro chawo. Ngakhale Menno Simons, wansembe wa ku Friesland, chigawo cha Netherlands, amene anasiya unsembe mu 1536 ndipo mpingo umatchedwa ndi dzina lake, atamwalira mu 1561 anaikidwa m'munda wa pakhomo pake ku Wüstenfelde, mudzi wa ku Germany umene pambuyo pake unafafanizidwa ndi nkhondo, ndipo mpingo sunafooke chifukwa manda ake anasowa. A Mennonite ambiri a ku Germany ndi a ku Canada ali ndi Lamulungu lofanana ndi limene mukufunalo, Lamulungu lomaliza isanayambe nyengo yoyembekezera Khirisimasi, pamene amawerenga mayina a onse amene amwalira m'chakacho. Choncho ganizo lanu si lachilendo, ndipo ine ndikulivomereza ndi mtima wonse, malinga mulitengere kwa abusa ndi akulu a mpingo mwaulemu.

Chimene ndikuchiopa ine ndi china, ndicho bodza. Mbiri ya malemu imene timawerenga pamaliro masiku ano yasanduka mndandanda wa masukulu ndi maudindo, ndipo aliyense amathera pa mawu akuti anali munthu wabwino wosayambana ndi anthu, ngakhale khamu lonse likudziwa zina. Ana amene amamva zimenezi amaphunzira kuti mawu a kumanda alibe kulemera. Sindikunena kuti muziulula zolakwa za munthu pamaso pa anamfedwa, zimenezo ndi nkhanza ndiponso mwano. Ndikunena kuti musankhe chinthu choona chimene Mulungu anachita mwa munthuyo, ngakhale chikhale chimodzi, ndipo ngati anagwa n'kudzukanso, kudzukako ndiko umboni waukulu, monga momwe Malembo sabisa kuti Petro anakana Ambuye wake katatu. A Mennonite nawonso aphunzira zimenezi movutikira. Kwa nthawi yaitali ankakonda kufotokoza za masautso awo okha, pomwe m'zaka za Hitler ambiri a iwo ku Germany ndi ku Danzig, mzinda umene lero uli ku Poland, anachirikiza boma lija ndi kulowa usilikali, kusiya chiphunzitso cha makolo awo chokana lupanga. Lero olemba mbiri a mumpingo mwawo momwemo akuzitulutsa poyera zinthu zimenezi, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri chifukwa cha kulimba mtima kumeneko.

Kukumbukira kuyeneranso kukhala kopanda chakukhosi. Mu 2004 akuluakulu a mzinda wa Zürich ndi a mpingo wa Reformed, umene kale unali pakati pa ozunza aja, anaika mwala wachikumbutso m'mbali mwa Limmat pafupi ndi pamene Manz anamizidwira, ndipo mu Julayi 2010 ku Stuttgart msonkhano wa mipingo ya Lutheran ya padziko lonse unapempha chikhululukiro chifukwa cha mazunzo aja. Amene anayankha m'malo mwa a Mennonite onse anali munthu wa chigawo chathu chino, Bishopu Danisa Ndlovu wa Abale mwa Khristu ku Zimbabwe, amene panthawiyo anali pulezidenti wa Mennonite World Conference, bungwe la mipingo ya Mennonite ya padziko lonse, ndipo mphatso imene anapereka inali chotengera chamatabwa chosambitsiranamo mapazi. Mayina a ophedwa sanafufutidwe kuti mtendere upezeke, anatchulidwa poyera, ndipo ana a ozunza ndi ana a ozunzidwa anapemphera pamodzi. Ngati m'mudzi mwanu muli mabanja amene sapatsana moni chifukwa cha imfa ya zaka makumi awiri zapitazo, nkhani imeneyi ikukukhudzani.

Za chiliza ndinena mwachidule. Kumanga chiliza si tchimo, ndipo banja limene lingathe limange. Koma ndaona mabanja akulowa m'katapila kuti manda awale, pomwe mkazi wamasiye denga likudontha ndipo ana a malemu abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Pamenepo miyala ing'onoing'ono ya ku Pennsylvania ija ikutiweruza.

Ntchito yeniyeni imene ndikukupatsani ndi ya kope ndi cholembera, ndipo iyenera kuyamba anthu adakali moyo. Pitani awiriawiri kwa okalamba a mumpingo, khalani pansi pamphasa, perekani moni mokwanira, ndipo musatulutse foni kuti mujambule mawu kapena chithunzi musanapemphe. Afunseni mtsinje umene anabatizidwira ndi amene anawabatiza, nyimbo imene imawatonthoza, munthu amene anavutika kumukhululukira, ndi mmene anapulumukira njala ya 2002, kapena ya 1949 kwa iwo amene anaiona ali ana. Musalembe za abusa ndi atsogoleri okha. Lembani za amayi amene amachezera pasiwa usiku wonse akuimba, za bambo amene sasowa pakati pa adzukulu kukagwa zovuta, ndi za amene amasesa tchalitchi anthu asanafike. Munthu akamwalira, musathamangire kulengeza pa Facebook kapena pa WhatsApp abale ake akutali asanauzidwe ndi eni mbumba, ndipo chithunzi cha thupi lake chisachoke m'manja mwanu kupita kwa wina aliyense.

Yambani ndi mayi amene mwangowaika kumeneyo. Dikirani masiku a chisoni chachikulu adutse, kenaka mupemphe mayi mmodzi wachikulire wa mumpingo akuperekezeni kwa ana awo, mutanyamula kankhuni kapena kaufa monga mwa mwambo wathu. Mukafika muwauze chimene mwadzera, muwalole alankhule mmene angathere popanda kuwadula mawu, ndipo zimene mwalemba mukawawerengere iwo poyamba kuti akonze pamene mwalakwitsa. Akavomereza, mulembe makope awiri, limodzi likhale la banja, lina mulipereke kwa mlembi wa mpingo kuti lisungidwe pamodzi ndi kaundula wa obatizidwa.