Mwana wasiya nyama, kodi akula bwino?

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wamkazi wa zaka 14 angakule bwino poti wanenetsa kuti nyama sadyanso. Angathe ndithu, bola muzidziwa zoti muike m'malo mwake.

Yambani mwamufunsa ngati mazira ndi mkaka akudyabe. Ngati akudya, nkhawa yachepa kale, chifukwa vitamini B12 mwachilengedwe amapezeka m'zakudya zochokera ku ziweto ndi nsomba. Akasiya zonsezo, afunika mapiritsi a B12, apo ayi magazi amachepa ndipo mitsempha imawonongeka pang'onopang'ono.

Za mapuloteni musade nazo nkhawa, nyemba, soya ndi mtedza zimakwanira. Chomwe ine ndingaikepo maso kwambiri ndi ayironi, michere yomwe imathandiza thupi kupanga magazi, makamaka poti mtsikana wa msinkhu umenewu amataya magazi mwezi ndi mwezi. Amafunika mamiligalamu pafupifupi 15 patsiku, ndipo ayironi wa m'zomera salowa bwino m'thupi. Akamadya nyemba kapena masamba obiriwira, azidyanso lalanje kapena tomato kuti ayironiyo alowe bwino m'thupi. Tiyi azimwa nthawi ina, osati pa chakudya, chifukwa amatsekereza ayironiyo.

Zomubisira nyama m'ndiwo musayerekeze, akadzazindikira sadzakukhulupiriraninso. Koma mukaona kuti akuchepetsa chakudya chilichonse, akuonda, kapena akuzemba kudyera limodzi ndi banja, pamenepo nkhani si nyamanso. Pitani naye kwa dokotala msanga.