Printa yosaoneka magetsi akayakanso

Mayi wina amene ali ndi shopu yofotokopa ku Kamuzu Road, ku Salima, wanditumizira imelo: "Magetsi akazima n'kuyakanso, makompyuta saiona printa, chonsecho yayaka bwinobwino. Kodi yawonongeka?"

Ayi mayi, printa ili bwino. Yangolandidwa malo.

Chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki chimakhala ndi manambala awiri. Ya MAC chimabwera nayo kufakitale, ngati nambala ya chasisi ya njinga yamoto. Ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo 6 oyambirira amasonyeza kampani yopanga, yomwe imapatsidwa gawolo ndi bungwe la IEEE. Inayo ndi IP, adiresi imene zipangizo zimapezerana pa netiweki, monga 192.168.1.20 (mwachidule tiziti 20). Imeneyi ndi yobwereka.

Wobwereketsa ndi DHCP, njira yogawira ma IP yomwe inayamba mu 1993, ndipo kwa inu imakhala mu rauta, kabokosi kogawa WiFi kaja. Printa ikayaka imakuwa kuti aliyense amve: "Ndine MAC yakuti, ndikhale pati?" Rauta imati tenga 20, printa imavomera, rauta n'kulemba m'kaundula pamodzi ndi nthawi yobwezera. Mauthenga anayi, basi. Theka la nthawiyo likatha, printa imapempha kuti iwonjezeredwe.

Vuto n'loti marauta ambiri otchipa amaiwala kaundulayo akazima. Akayakanso, foni ya kasitomala imene yafulumira imatenga 20, printa n'kupatsidwa 23, makompyuta akugogodabe pa 20. Zili ngati kumsika: mwafika mochedwa, pabenchi panu payala wina tomato.

Chitani izi. Lowani mu rauta, mufufuze pomwe palembedwa Address Reservation kapena Static Lease. Lembani MAC ya printa ndi kuiikira 20 mpaka kalekale. Rauta ikangomva MAC imeneyo izipereka 20, ndipo wina aliyense saigawiridwa. Samalani apa, poti ambiri amaphonya: printa yokhala ndi waya komanso WiFi ili ndi MAC ziwiri, ndiye lembani ya njira imene mumagwiritsa ntchito.

Ena amalemba IP pamanja pa printa pomwepo. Zimatheka, koma ine sindizikonda, chifukwa rauta sidziwa ndipo tsiku lina ikhoza kupereka nambala yomweyo kwa foni, awiriwo n'kumakanganirana.

Za mafoni musavutike nazo. Kuyambira Android 10 ndi iOS 14, amadzipangira MAC yongopeka pa WiFi iliyonse pofuna kuti asalondoledwe, choncho nambala yakufakitale rauta siiona n'komwe.