Namzeze wa mu Novembala pa nyanja ya Erie: kachedwa kapena kasochera?

Achemwali ena amene akukhala ku Ontario, m'dziko la Canada, andilembera imelo. Akuti kumayambiriro kwa Novembala ankayenda m'mbali mwa nyanja ya Erie, mitengo itayoyola kale masamba, kuzizira kutayamba kuluma, ndipo anaona anamzeze angapo akuuluka chapansipansi pamchenga. Funso lawo ndi lakuti: "Anthu kuno amati anamzeze amachoka mu Seputembala. Nanga awa atsalira bwanji? Kodi akudwala?"

Achemwali, ine ndikukayika ngati amenewo anali otsalira. Namzeze amene mungamuone pa nyanja ya Erie mu Novembala nthawi zambiri sakhala wa komweko wochedwa kunyamuka, amakhala mlendo wochokera kutali kummwera. Dzina lake ndi Cave Swallow, ndipo kwawo ndi ku Texas ndi kumpoto kwa Mexico. Kale ankamanga zisa m'mapanga, koma atazolowera kumanga pansi pa milatho ndi m'makalavati a misewu anachulukana kwambiri. Ikafika Novembala, kumabwera masiku ofunda, mphepo yamphamvu ikuwomba kuchokera kummwera chakumadzulo, ndipo mphepoyo imawatenga, makamaka ana a chaka chomwecho, n'kuwafikitsa kumpoto. Mu Novembala 1999 anafika ambiri zedi ku Ontario, ndipo kuchokera nthawi imeneyo okonda mbalame amawayembekezera chaka ndi chaka.

Chifukwa chake mwawaona pagombe osati m'tauni n'chosavuta. Mbalame zambiri za kumtunda sizikonda kuwoloka madzi aakulu. Zikafika panyanja zimakhota n'kumatsata gombe, ndipo zimakaunjikana pamene mtunda walowa m'madzi ngati chala. Kumpoto kwa Erie kuli malo angapo otere, monga Point Pelee ndi Long Point. Ku Long Point kuli malo ofufuzira mbalame amene anayamba mu 1960, kumene amazigwira ndi maukonde osalala, kuziyeza, kuziveka kamphete kumwendo n'kuzimasula. Akabawi nawo ndi chimodzimodzi: ku Hawk Ridge, mumzinda wa Duluth ku United States, kumapeto kwa nyanja ya Superior, pa 15 Seputembala 2003 anawerenga oposa 100,000 tsiku limodzi lokha.

Mukadzawaonanso, musathamangire kujambula, yambani mwayang'ana mchira. Ukakhala wamphanda, ndi Barn Swallow, mtundu womwe uja umafika kwathu ku Malawi cha mu Okutobala, ngakhale kuti obwera kwathu amachokera ku Ulaya ndi ku Asia, pamene a ku Canada amapita ku South America. Ukakhala waufupi wodulidwa mowongoka, yang'anani pakhosi ndi pamwamba pa mchira. Cave Swallow amakhala wofiirira pamwamba pa mchira, pakhosi pake n'powala ngati mtundu wa njerwa yosapsa bwino, chipumi chofiira. Mnzake wofanana naye, Cliff Swallow, ali ndi khosi lakuda ndi chipumi choyera, koma ameneyo amachoka msanga, mu Novembala musamuyembekezere. Pali winanso, Tree Swallow, woyera mbee kumimba konse. Ameneyu yekha ndiye amachedwadi mwadala, chifukwa tizilombo tikasowa amatha kudya tizipatso ta m'tchire.

Za kudwala, ayi, koma nkhani yake si yokoma. Namzeze amadya tizilombo touluka, ndipo mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto, tizilomboto timazimiririka. Ena amabwerera kummwera potsata gombe la Atlantic, n'chifukwa chake ku Cape May ku New Jersey amaonekanso masiku omwewo. Ambiri amafa ndi chisanu ndi njala, nthawi zina atadzipanikiza pamodzi pakangodya ka nyumba. Mukawapeza atakhala motero, chonde musawayandikire kuti auluke n'cholinga chopeza chithunzi chabwino. Khalidwe limenelo la ojambula ena limandinyansa, chifukwa kamphamvu kamene kambalameko kakuwononga pothawa n'komwe kakanakafikitsa mawa.

Poti mwayamba kuyang'ana gombe, pali kambalame kena koti mukaike m'mutu, ngakhale kamaoneka mwa apo ndi apo, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala: Northern Wheatear. Kamalemera pafupifupi magalamu 25, kamakonda kuima pamiyala, ndipo kakauluka pamwamba pa mchira pamaoneka poyera. Kamaswana kumpoto kwenikweni kwa Canada ndi ku Alaska, koma nyengo yozizira kamakathera ku Africa. Ofufuza atamangirira tizipangizo pa mbalamezi anapeza kuti za ku Alaska zimadutsa Siberia ndi Arabia mpaka kummawa kwa Africa, ulendo wa makilomita pafupifupi 14,500, pamene za ku Baffin Island, chilumba cha kumpoto kwa Canada, zimawoloka Atlantic kupita kumadzulo kwa Africa. Kakaoneka pa Erie ndiye kuti kaphonya njira.

Zimene mwaonazo zilembeni pa eBird, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalembapo mbalame zimene aona, tsiku, malo ndi chiwerengero chake, ndipo fotokozani mtundu wa pakhosi ngati munauona. Kumeneko kuli anthu amene amaunika mbalame zachilendo zikalembedwa, ndipo akhoza kukufunsani zambiri. Musakhumudwe nazo, amafunsa aliyense. Ndipo muziona zanyengo: kukafunda masiku awiri kapena atatu ndi mphepo ya kummwera chakumadzulo, kenako n'kuzizira mwadzidzidzi, m'mawa mwake valani jekete lanu lolemera mupite kunyanja.