Kodi nyemba "zimathira" nayitrojeni m'nthaka?

Mphunzitsi wina wa zaulimi wafunsa kuti: "Ana ena amalemba kuti nyemba zimathira feteleza m'nthaka, ena amati zimabwezeretsa chonde. Ndichonge ziti? Nanga timati nandolo zimakula kapena amakula?"

Aphunzitsi, mawu oti kuthira ndiwo akusokoneza anawo. Kuthira ndi ntchito ya munthu amene watenga chinthu kwina n'kudzachitsanulira pamalo, monga madzi kapena manyowa. Mbewu za mtundu wa nyemba sizitero. Pamizu yake pamatuluka timatuza, ndipo m'timatuzamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Rhizobium. Tizilomboti timakoka nayitrojeni wa mumpweya, yemwe ndi magawo pafupifupi 78 pa 100 aliwonse a mpweya umene timapumawu, n'kumusandutsa chakudya cha mbewuyo. Mbewu nayo imadyetsa tizilomboto shuga wopangidwa m'masamba ake. Mukazula tsinde n'kuswa kathuza kamodzi, mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti ntchito ikuyenda.

Nayitrojeniyu amayamba wapita m'mbewu momwemo, ndipo wambiri amathera mu njere zimene mlimi amakolola. Amene chimanga cha chaka chamawa chidzamupeze ndi wotsalira m'mizu, m'timatuza, m'masamba oyoyoka ndi m'masangwi, zikawolerana. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti mwana alembe kuti nyemba zimasiya nayitrojeni m'nthaka. Mwana wodziwa kuti zimasiya adzamvetsa msanga kuti wotentha masangwi watentha zimene nyemba zinamusiyira. Mwana wongoloweza kuti zimathira adzaganiza kuti nkhani yatha tsiku lodzala.

"Zimabwezeretsa chonde" ndi Chichewa chabwino, muchonge. Koma muwauze kuti chonde ndi mawu aakulu kuposa nayitrojeni. Mulinso fosifolasi ndi potaziyamu, zomwe nyemba sizingatenge mumpweya.

Pa funso lachiwirilo, mayina a mbewuzi ali m'magulu osiyana. Timati nandolo amakula, khobwe amayanga, soya wapsa, chifukwa mayinawa amatenga agwirizanitsi ofanana ndi a dzina loti galu. Mtedza umakula. Nyemba, nzama ndi mphodza zimakula. Mukatchula ziwiri za magulu osiyana, zi- ndiye amaziphatikiza: nandolo ndi mtedza zimasiya nayitrojeni wambiri kuposa nyemba wamba.

Wowerenga wina wafunsa ngati kasinthasintha ndi kudzala mophatikiza n'chimodzimodzi. Ayi. Kasinthasintha ndi kusintha mbewu pamunda womwewo nyengo ndi nyengo, chaka chino khobwe, chamawa chimanga. Kuphatikiza ndi kudzala mbewu ziwiri m'munda umodzi nyengo imodzi. Ndipo polemba musaiwale nkhodolero: ndi m'nthaka, chifukwa ndi "mu nthaka" wofupikitsidwa.