Funsani Tikuyankheni: Kodi Kutchuka kwa Wochita Kafukufuku Kumamupindulira Chiyani Mwana wa ku Mmera Mpoyamba?

FUNSO

Akonzi, ndine wapampando wa komiti ya sukulu ya mmera mpoyamba kuno ku Bangwe, ndipo mwezi wathawu ndinali nawo pa maphunziro a alezi ndi makomiti amene anachitikira m'tauni muno. Potilandiritsa mlendo amene anadzatiphunzitsa, anatiuza kuti ndi katswiri wamkulu chifukwa wasindikiza nkhani zambiri za kafukufuku ndiponso akatswiri anzake amamutchula kawirikawiri m'zolemba zawo. Ena anatchula za h-index, ife n'kumangowomba m'manja osadziwa chimene tikuwombera. Mlendoyo nayenso ankabwerezabwereza dzina la mayi wina, Sally Grantham-McGregor. Kodi mayi ameneyu analemba zotani, nanga kuchuluka kwa zolemba za munthu kukukhudzana bwanji ndi ana amene timawaphikira phala m'mawa uliwonse?

Mayi wa ku Bangwe, Blantyre

YANKHO

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Wochita kafukufuku akamaliza ntchito yake amailemba n'kuitumiza ku magazini a akatswiri, monga The Lancet ya ku London kapena Malawi Medical Journal imene imakonzedwa kuno ku Blantyre. Nkhaniyo isanasindikizidwe, akonzi amaipereka kwa akatswiri ena kuti aiunike ngati njira zimene mwiniwake anatsata zili zomveka, ndiponso ngati zimene akunena zikuchokeradi pa zimene anapeza. Ikatuluka, aliyense amene waigwiritsa ntchito polemba yake amayenera kuitchula, ndipo kutchulidwa kumeneku ndi kumene kumawerengedwa pa intaneti, pa malo monga Google Scholar. H-index ndi kawerengedwe kamene Jorge Hirsch, katswiri wa sayansi wa ku California, anayambitsa mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi nkhani 20 zimene iliyonse yatchulidwa ndi ena maulendo osachepera 20.

Nambala imeneyi imatiuza kuti akatswiri ena akumuwerenga munthuyo, koma siitiuza chifukwa chimene akumutchulira, pakuti nkhani imatha kutchulidwa ngakhale ndi anthu amene akuitsutsa. Imakonderanso amene akhalitsa pa ntchito, komanso amene amalemba za nkhani zimene zili ndi ofufuza ambiri m'maiko olemera. N'chifukwa chake ine sindingakulangizeni kuti muyeze katswiri ndi nambala yokhayo. Mayi amene mwamutchulayu ndi chitsanzo chabwino cha muyezo wina woposa pamenepo.

Sally Grantham-McGregor ndi dokotala wa ku Britain amene anagwira ntchito zaka zambiri pa University of the West Indies ku Kingston, m'dziko la Jamaica, asanapite ku University College London. Kuyambira mu 1986, iye ndi anzake anasankha ana 129 opinimbira, a miyezi yapakati pa 9 ndi 24, ochokera m'madera osauka a mumzinda wa Kingston, ndipo anawagawa mwamaere m'magulu anayi. Gulu loyamba linkalandira mkaka waufa sabata iliyonse. Gulu lachiwiri linkachezeredwa pakhomo kamodzi pa sabata ndi wogwira ntchito zaumoyo wa m'dera momwemo, amene kwa ola limodzi ankaonetsa mayi mmene angasewerere ndi mwana wake, kumulankhula, kumuuza mayina a zinthu ndi kumuyamikira akachita bwino, pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi zinthu zapakhomo monga mabotolo ndi nsalu zotsala. Gulu lachitatu linkalandira zonse ziwiri, pamene lachinayi linalipo kuti pakhale poyerekezera. Ntchitoyi inatenga zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 1991. Mkaka unathandiza, kusewera kunathandizanso, ndipo ana amene analandira zonse ziwiri anatsala pang'ono kufanana nzeru ndi anzawo osapinimbira.

Akanalekera pomwepo, nkhaniyi ikanangokhala imodzi mwa zambiri. Chimene chinaisiyanitsa n'chakuti ofufuzawo anapitiriza kuwatsata anawo ali ku pulayimale, atatha msinkhu, mpaka atakula. Phindu la mkaka linazimiririka m'kupita kwa zaka, koma la kusewera ndi kucheza ndi mwana linakhalitsa. Mu 2014 magazini ya Science inasindikiza nkhani imene Grantham-McGregor analemba limodzi ndi akatswiri a zachuma, kuphatikizapo Paul Gertler ndi James Heckman (Heckman ndiye analandira mphoto ya Nobel mu 2000), yoonetsa kuti patapita zaka 20, amene ankachezeredwa pakhomo aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo a m'gulu loyerekezera ndi 25 peresenti. Musamve ngati akunena kuti chakudya n'chopanda ntchito, ndipo phala lanu musalisiye, pakuti mwana wanjala sasewera ndipo samva. Chimene anaonetsa n'chakuti mwana wopinimbira safuna chakudya chokha.

Nkhani ina ya Grantham-McGregor imene imatchulidwa kwambiri ndi ya mu 2007, mu The Lancet momwemo, imene inawerengetsa kuti ana oposa 200 miliyoni osakwana zaka 5 m'maiko osauka sakula m'nzeru kufika pamene akanafika, chifukwa cha umphawi ndi kupinimbira. Chiwerengerochi chinathandiza kuti maboma ndi mabungwe ayambe kuona nkhani ya mmera mpoyamba ngati nkhani ya chitukuko cha dziko, ndipo mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi World Bank anatulutsa ndondomeko ya kaleredwe ka ana yotchedwa Nurturing Care Framework. Kwa ife nkhaniyi si yakutali, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Choncho mlezi wanu akamaphunzitsidwa kupanga zidole za dongo ndi mipira ya mapepala, kapena kuuzidwa kuti aziyankha mwana akamabwebweta, dziwani kuti ena mwa malangizowo mizu yake ili m'makomo a ku Kingston aja.

Komabe ndikuchenjezeni pang'ono. Ana 129 ndi ochepa, ndipo zimene zinatheka ku Jamaica ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa bwino, oyendera banja lililonse sabata ndi sabata, sizingangotheka zokha pa sukulu imene mlezi mmodzi wongodzipereka akuyang'anira ana ambirimbiri pansi pa mtengo. Izi zinayesedwapo kuno kwathu. Berk Özler wa ku World Bank ndi anzake anachita kafukufuku m'sukulu za mmera mpoyamba 199 m'maboma anayi a dziko lino, ndipo nkhani yawo inatuluka mu 2018. Anapeza kuti kuphunzitsa alezi okha kunasintha kaphunzitsidwe koma sikunaoneke pa nzeru za ana, pamene kuphunzitsa alezi pamodzi ndi makolo kunathandiza ana pa kulankhula ndi pa kukhala bwino ndi anzawo patatha miyezi 18. Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika miyezi 36 kusiyana kuja kunali kutazimiririka. Nkhani imeneyi siitchulidwa mofanana ndi ya ku Jamaica, koma kwa inu a komiti ili ndi phunziro lalikulu, lakuti makolo asamasiyidwe kunja kwa mpanda, komanso lakuti pali ntchito yoti ichitike ana akalowa sitandade 1.

Palinso ntchito ina imene inabadwira m'dziko muno. Dokotala wa ana Melissa Gladstone wa ku University of Liverpool, pamodzi ndi anzake a ku College of Medicine kuno ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, anaona kuti miyezo ya kakulidwe ka ana yochokera kunja inali ndi mafunso osagwirizana ndi moyo wathu. Mwachitsanzo, muyezo wina wa ku America umafunsa ngati mwana amatha kudzikonzera chakudya cham'mawa cha m'paketi chothira mkaka, chinthu chimene mwana wa kumudzi sanachionepo ngakhale atakhala wanzeru chotani. Iwo anakonza muyezo wotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, kapena kuti MDAT, wokhala ndi mfundo 136 zoona kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kalankhulidwe ndi kakhalidwe pakati pa anthu, ndipo anausindikiza mu 2010 mu PLoS Medicine, magazini imene aliyense angawerenge kwaulere pa intaneti. Lero muyezowu ukugwiritsidwanso ntchito m'maiko ena.

Tsono katswiri wina akadzabweranso, musachite manyazi kumufunsa kuti kafukufuku wake anachitikira kuti, pa ana angati, anawatsata kwa nthawi yaitali bwanji, nanga mlezi wa ku Bangwe wopanda malipiro ndi zipangizo angatengepo chiyani Lolemba likubwerali. Katswiri weniweni amakondwera ndi mafunso otere.

FUNSO

Akonzi, ndikumaliza digiri yachiwiri ya zamaphunziro ndipo kafukufuku wanga ndi wokhudza mmene ana a zaka 3 mpaka 5 amaphunzirira kulankhula. Ndalandira uthenga pa intaneti kuchokera ku magazini ina ya kunja imene ikuti idzasindikiza nkhani yanga m'sabata imodzi ndikalipira. Kodi ndivomere?

Wophunzira wa ku Zingwangwa, Blantyre

YANKHO

Musavomere, achimwene. Kulipiritsa pakokha si chizindikiro cha chinyengo, popeza magazini ambiri odalirika amene amawerengedwa kwaulere amalipiritsa olemba, ndipo ambiri mwa iwo amachepetsa kapena kuchotseratu mtengowo kwa olemba ochokera m'maiko osauka ngati lathu. Chokayikitsa ndi sabata imodziyo, chifukwa kuunika nkhani moyenera kumatenga masabata angapo, kawirikawiri miyezi. Magazini otere ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nkhani yanu ikangotulukamo, magazini yodalirika siidzailandiranso, ndipo akuluakulu a mayunivesite amawadziwa mayina ake. Fufuzani ngati magaziniyo ikupezeka pa mndandanda wa Directory of Open Access Journals kapena pa African Journals Online, onani ngati akonzi ake ndi anthu enieni opezeka pa mayunivesite amene atchulidwa, kenako mukawaonetse uthengawo aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanu musanatumize ndalama iliyonse.